Dzanja la Asimbi

Kuchipinda chochapira cha hotelayo onse ankangowatchula kuti Asimbi, chifukwa chiyambireni ntchito sanasiyanepo ndi simbi yositira. Chipindacho chinali pansi penipeni pa nyumba, chopanda zenera, ndipo fungo la sopo linkakakamira mpaka m'tsitsi. Amene ankawapepukitsira tsiku anali mayi wina wopinda nsalu, yemwe iwo ankamutcha Achemwali ngakhale panalibe chibale. Awiriwa ankadyera pamodzi masana, kumaseka alendo oiwala masokosi m'mapilo.

M'chipindamo munali makina aakulu ositira nsalu zapabedi. Chotchinga chake chinathyoka kalekale, ndipo aliyense akadandaula kapitawo ankangoti, "Tikonza, gwirani kaye." M'mawa wina nsalu inakodwa, dzanja lamanja la Asimbi n'kutsatira. Achemwali ndiwo anathamanga kukazimitsa makinawo n'kukulunga dzanjalo ndi thaulo lonyowa.

Ali m'galimoto kupita kuchipatala, kapitawo ananong'oneza Asimbi kuti, "Mukanene kuti mwapsa kunyumba. Mukatchula makina, abwana atimaliza tonse."

Asimbi anangogwedeza mutu chifukwa cha ululu. Koma namwino ataona balalo anafunsa kuti, "Amayi, simbi yanji yopsereza chonchi?" Bodza linawakanika, ndipo ananena zoona.

Bala litapola, zala ziwiri zinatsala zouma. Anavala yunifolomu yawo n'kupita kuntchito, koma mlonda anawaimitsa pageti, maso ali pansi.

"Andiuza kuti ndisakulowetseni, amayi. Pepani."

Kapitawo anatuluka akupukuta manja. "Kapumuleni kaye. Tikuimbirani foni."

Kunyumba kwawo chinali chipinda chimodzi cha lendi: bedi, mpando, ndi mbaula pakona. Mwana wawo yekhayo anakwatiwa kutali. Foni anaiika pampando pomwe akanatha kuiona. Ankadzukabe m'mamawa mwachizolowezi, kusamba, kenako kukhala pabedi n'kumamvetsera anthu akutseka zitseko kupita kuntchito. Pofika masana pabwalo pankangotsala iwo ndi zovala za anthu pachingwe. Foni ija ikalira, ankapeza kuti ndi mkamwini wawo.

"Amayi, ingozisiyani. Anthu amenewo ali ndi maloya. Mungodzitopetsa."

Atapita kukaonetsanso dzanja, namwino uja anawafunsa ngati anayambanso ntchito. Atamva nkhaniyo anati, "Pitani ku ofesi yoona za apantchito. Kukadandaula salipiritsa."

Ku ofesiko kunali benchi yaitali m'khonde, anthu atakhala phee, aliyense ndi nkhawa zake. Amene anawalandira anali mayi wachitsikana wa magalasi, msinkhu wa mwana wawo. Anawamvetsera mpaka kumapeto osawadula.

"Anakuuzani kuti akuchotsani?"

"Ayi, mwanawe. Akuti ndipumule."

"Anakuitanani kuti mukayankhe mlandu uliwonse?"

"Ayi."

Mayiyo anavula magalasi. "Amayi, munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo abwana ayenera kumva kaye mbali yake. Kukutsekerani pageti ndi kukuchotsani komwe, kungoti akuopa kutchula. Komanso wovulalira pantchito amayenera kulandira chipukuta misozi, ndipo abwana ndiwo amayenera kudzanena za ngoziyo kuno. Ife tiwaitana kuti tikambirane. Zikakanika, pali khothi la nkhani zapantchito. Mwachita bwino kubwera msanga, chifukwa madandaulo otere ali ndi nthawi yake. Alipo amene anaona?"

Asimbi anamwetulira. "Alipo achemwali anga."

Madzulo ake anakawadikira pamalo okwerera minibasi. Achemwali atawaona anayang'ana kumbuyo kaye asanawapatse moni.

"Achemwali, ndinu munazimitsa makina aja. Mungokanena zomwe munaona basi."

"Asimbi, ana anga ali pasukulu. Bambo awo mukuwadziwa mmene alili. Atichenjeza kale kuti woyankhula nanu atsatira."

"Ku ofesi akuti saloledwa kuchotsa munthu chifukwa chochitira umboni."

"Saloledwa, inde. Nanga inuyo analoledwa kukuchotsani?"

Minibasi inafika, Achemwali n'kukwera. Asimbi anabwerera wapansi, dzanja lili m'thumba la juzi, ndipo atafika sanakoleze moto.

Tsiku la zokambirana, a hotela anabwera atatu: manijala, kapitawo, ndi bambo wina wa suti yemwe ankangotsegula ndi kutseka chikwama. Mbali ya Asimbi kunali iwo ndi mpando wopanda munthu. Kapitawo anayamba kunena kuti mayiwa anapsera kunyumba, kenako n'kusiya okha ntchito.

Asimbi anatembenukira kwa kapitawo. Anatulutsa dzanja lija n'kuliika patebulo. "Bwana kapitawo, m'galimoto muja munandiuza chiyani?"

Kapitawo anayang'ana kudenga. Mayi wa magalasi anawerenga zomwe achipatala analemba tsiku la ngozi, kenako anafunsa manijala ngati angalole kuti oyendera malo antchito akaone makinawo. Bambo wa suti anapempha kuti atuluke kaye panja. Atabwerera, mawu awo anali ofewa. Anavomera kuti Asimbi abwerere pantchito yopepukirapo, malipiro a nthawi yomwe anawatsekera panja awapatse, ngoziyo ilembedwe kuti chipukuta misozi chituluke, ndipo makinawo akonzedwe.

Atatuluka, Asimbi anaima pakhonde akufuna wina womuuza. Anaimbira mwana wawo, foni inangolira osayankhidwa. Anagula botolo la madzi n'kumwera pomwepo, chiimire.

Kuhotela anawapatsa kachipinda kosungiramo mayunifolomu, kumapeto kwa khonde, kuti azisoka mabatani ndi kugawa zovala. Singano anaphunzira kuigwira ndi dzanja lamanzere. Makina aja anawaikadi chotchinga chatsopano, koma palibe anatchula kuti chabwera bwanji. Asimbi akalowa kodyera, nkhani zinkazima. Achemwali ankawapatsa moni wapakamwa chabe n'kudutsa mofulumira. Patapita nthawi Asimbi anayamba kudyera m'kachipinda kawo, chitseko chili chotsegula pang'ono.

Tsiku lina mayi wotsuka mbale kukhitchini anabwera kudzasintha epuloni. Anali woyembekezera, mimba ataimanga zolimba kuti isaoneke. Analandira epuloniyo koma sanachoke.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "ofesi ija ili mbali iti?"

Asimbi anamufotokozera minibasi yokwera, potsikira, ndi chitseko choti akagogode. Anafuna kumuuza kuti akhale pansi acheze pang'ono, koma m'khonde munamveka nsapato za kapitawo. Mayiyo anafungatira epuloni yake n'kutuluka osatsanzika.

Asimbi anakhala kanthawi akuyang'ana pakhomopo. Kenako anatenga shati ya woperekera zakudya yomwe inathothoka batani, n'kuyamba kulowetsa ulusi pasingano.