Tsiku Limene Kunacha Kawiri ku Alder Run

Ku Alder Run kunali buku la malamulo la bungwe la eni nyumba, ndipo wogula nyumba aliyense ankalisainira asanalandire makiyi. Bukulo linkanena utali wa kapinga, mtundu wa penti wa chitseko, ngakhale ola lotulutsira mgolo wa zinyalala. Pa tsamba lina panalembedwa kuti mbuzi, nkhumba, abakha ndi nkhuku n'zoletsedwa. Pa tsamba linanso panalembedwa kuti kanyumba koseweramo ana n'kololedwa, bola kakhale kuseri ndipo penti wake afanane ndi wa nyumba yaikulu.

Malemu a Harlan Vandiver atawerenga masamba awiriwo anaseka, n'kupita kukagula matabwa. Kanyumba kamene anamanga kanali ndi khonde, mawindo a makatani ndi kabokosi ka maluwa. Mwana sanalowemo ngakhale mmodzi, poti banjalo linalibe mwana. Munkagona nkhuku.

A Harlan atamwalira, nkhukuzo zinatsalira akazi awo, Mayi Loretta, omwe anapuma pantchito atayendetsa basi ya ana asukulu zaka makumi awiri ndi mphambu. Zinalipo zisanu. Zinayi zinali misoti yoikira tsiku ndi tsiku. Yachisanu, Opal, inali nkhalamba ya zaka zisanu ndi zinayi, yotsala yokha mwa anapiye amene a Harlan anabwera nawo m'katoni ya nsapato. Diso limodzi linali litachita ng'ala, linalo likutsatira, ndipo dzira inaliiwala kalekale. Kale a Harlan ankakhala pa ndowa yovundikira madzulo alionse n'kumaonerera nkhuku zikulowa, Opal ili kumapeto, ndipo Mayi Loretta ankawaseka kuti munthu wamkulu wasandutsa nkhuku kukhala kanema. Tsopano pa ndowa ija pankakhala iwowo. Ankaikonda nkhuku imeneyi kuposa mmene akanavomerera pagulu.

Anansi apafupi ankadziwa, koma Lachisanu lililonse ankapeza mazira pakhomo, ndipo munthu amene ali ndi dzira m'kamwa salankhula bwino. Zinthu zinasintha komiti ya bungwe itasankha Bambo Gordon Stroud kukhala wapampando. Mkuluyu sanali wankhanza ayi. Moyo wake wonse anagwira ntchito yoyendera zikepe zokwezera anthu m'nyumba zosanja, ndipo anachokako ndi chikhulupiriro chimodzi, chakuti lamulo likanyozeredwa pena pake pamafa munthu. Ankayenda ndi lula m'thumba la malaya n'kumayeza kapinga wa eni ake atagwada. Anthu ankati ungathe kukonza wotchi yako pomuona akudutsa.

Kalata imene analembera Mayi Loretta inali yaifupi. Wina anatola nthenga mumsewu. Adzabwera Lolemba 3 koloko masana kudzayendera kuseri, ndipo akadzapeza nkhuku, zidzachoke pasanathe masiku khumi.

Mayi Loretta anaimbira mafamu atatu. Onse anati misoti ailandira ndi manja awiri. Atatchula za Opal, mlimi wina anafunsa ngati ikuikira, ndipo atamva zaka zake anaseka n'kunena kuti imeneyo ndi ya msuzi basi, komanso msuziwo udzafuna moto wa tsiku lonse. Mayi Loretta anadula foni osatsanzika.

Nzeru inachokera kwa Mayi Bernice Tolliver a nyumba yoyandikana, omwe kuseri kwawo kunali kutayenderedwa kale sabata yatha. Pampanda wapakati pawo, kuseri kwa chitsamba cha maluwa, panali thabwa logweduka, ndipo nkhuku zinkadutsirapo kukapalasa m'dimba la a Bernice. Zikalowa mmenemo sizinkabwerako mpaka madzulo, uziitane bwanji.

"Inu mungozikusira kwanga, achemwali, ndalima bedi latsopano lodzaza nyongolotsi," anatero a Bernice. "Thabwalo musalikhome, mzibambo uja msomali watsopano amaununkhiza. Komanso Lolemba ndi tsiku la kadamsana. Dziko lonse lidzakhala likuyang'ana kumwamba, ndani adzaone nkhuku pansi?"

Za kadamsanayo anthu anali atakamba miyezi. Masukulu anatseka, mahotela anadzaza alendo, m'sitolo iliyonse munali timagalasi ta katoni toonera dzuwa. Amayi awiriwa, mmodzi woti wakhala ndi nkhuku zaka zisanu ndi zinayi, anamuona kadamsanayo ngati mnzawo wodzawathandiza. Palibe amene anaganiza mopitirira pamenepo.

Lolemba m'mawa Mayi Loretta anachotsa udzu ndi zitosi, nakwecha kanyumba kaja ndi jiki mpaka manja kuyera. Anaikamo timipando tiwiri, kathebulo ndi chidole cha tsitsi lachikasu chimene anagula kwa anthu ena osamuka. Dzuwa lili paliwombo anakusira nkhuku kwa a Bernice, Opal ataifungatira m'manja. Pobwerera anatola nthenga iliyonse pakapinga.

Anthu anali atatulutsa mipando m'misewu, ena akuwotcha nyama, onse maso kumwamba. A Bernice ankati mwina mkulu uja sabwera. Belu la pakhomo linalira 3 koloko yeniyeni.

Pamene Mayi Loretta ndi Bambo Gordon ankazungulira kuseri, kuwala kunali kutasintha kale. Kunja kunkaoneka ngati tiyi wothira madzi ambiri, ndipo kamphepo kozizira kanayamba kulowa m'malaya. Bambo Gordon anali ndi timagalasi tawo m'thumba, pambali pa lula, koma sanatitulutse. Anatsegula chitseko cha kanyumba, nawerama, nasuzumira. Anayang'ana chidole, chidole n'kuwayang'ana.

"Adzukulu, mayi?"

"Ana a… a m'bale wanga. Amabwera apo ndi apo."

"Ayenera kuti ndi ana aukhondo kwambiri," anatero Bambo Gordon akukoka fungo la jiki.

Anayenda m'mbali mwa mpanda, nayang'ana pansi pa khonde, osapeza kanthu. Anabwerera n'kuima pakati pa kapinga, natulutsa pepala, natsegula cholembera. Mtima wa Mayi Loretta unayamba kukhala pansi. Kenaka anaona kuti kuwala kodutsa m'masamba a chitsamba chija kwajambula timiyezi tambirimbiri pa malaya oyera a mkuluyo, tonse topindikira mbali imodzi. Mbalame zinali zitasiya kulira. Makina otchetchera kapinga, amene ku Alder Run salekeza kubuma, anali zii. Ngakhale msewu waukulu wa kuseri kwa mitengo unali chete, poti magalimoto anali ataima m'mbali.

Mdima unabwera mothamanga kuchokera kumadzulo, ukudumpha madenga, ndipo unawakuta asanaphethire. Mumsewu anthu anafuula pamodzi, kenaka onse duu. Magetsi a mumsewu anayaka okha.

Mayi Loretta anakweza maso. Pamene panali dzuwa panali chibowo chakuda bii, ndipo kuzungulira chibowocho kunkatuluka moto woyera, wofewa, wotambasuka ngati tsitsi la nkhalamba pamphepo. Pambali pake panali nyenyezi. M'munsi monse, kum'mawa, kumadzulo, kumpoto, kumwera, kunafiira ngati dzuwa likulowa mbali zonse nthawi imodzi. Anali ataona zithunzi zake pa kanema kambirimbiri, koma izi zinali zina. Anachita mantha, mantha okoma, ndipo anadzimva kuchepa ngati kambewu ka mpiru. Pakamwa pawo panatuluka dzina la a Harlan asanaganize.

Ndi pamene anamva kaphokoso kamene ankakadziwa kuposa mawu a munthu aliyense wamoyo, kung'ung'udza kwapansipansi kumene nkhuku zimachita zikamapita kokagona.

Zinatulukira pansi pa chitsamba, imodzi pambuyo pa inzake, mwa ndondomeko yake ya masiku onse. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Zinadutsa pakati pa Mayi Loretta ndi wapampando wa komiti mosathamanga, ngati azimayi ochokera ku mapemphero, n'kukwera pakhonde, n'kulowa pa chitseko chimene iye mwini anasiya chotsegula. M'katimo munamveka kupupuma kwa mapiko, chidole chikugwa pansi, misoti ikukhazikika pa timipando.

Bambo Gordon anali atayang'ana kumwamba, kukamwa yasa. Anatsitsa mutu pang'onopang'ono n'kuziwerenga ndi maso. Zinali zinayi.

Yachisanu inatulukira mochedwa, monga mwa nthawi zonse. Mumdima wotere Opal sinkaona kanthu. Inayenda ikupendeka, ikuima, ikutchera khutu, mpaka chifuwa chake chinagunda nsapato yakuda yopolishidwa. Inaifufuza ndi phazi. Inaona kuti ndi chinthu chokwera, cholimba, chofunda pang'ono. Inakwerapo, nizungulira kamodzi, nikhala, n'kulowetsa mutu m'phiko.

Mayi Loretta ankadziwa kuti zonse zatha, kuti masiku khumi ayamba kuwerengedwa. Koma chodabwitsa n'chakuti mantha a komiti sanawapeze malo. Ankayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana pansi, n'kuyang'ananso kumwamba. Kutali kosayerekezeka mwezi unali utaima patsogolo pa dzuwa, ndipo pano pakapinga woyezedwa ndi lula, kankhuku kakhungu kanamva zimenezo m'thupi mwake n'kumvera. Sikanafunse kuti nthawi ili bwanji. Misozi ya Mayi Loretta inatsika, ndipo sanaipukute.

Mkulu uja sanasunthe phazi. Anaima chilili, mwendo umodzi uli gwa, ngati munthu wonyamula mbale yodzaza.

Kenaka m'mphepete mwa chibowo chija munatuluka kadontho ka moto kowala koopsa, ndipo onse awiri anabisa maso. Kuwala kunabwerera m'madenga, m'mitengo, pa kapinga. Mumsewu munamveka kuwomba m'manja. Phokosolo litangozirala, kwinakwake chakumpoto kunalira tambala.

Mayi Loretta anaganiza kuti makutu awanamiza. Koma wina anayankha chakummwera, wa mawu osasa. Wachitatu analira pafupi ndi dziwe losambiramo. Kenaka kutetera kwa nkhuku zathadzi kunabuka uku ndi uku, kuseri kwa mipanda yopakidwa penti wovomerezeka, m'tinyumba toseweramo ana tosawerengeka. Eni atambalawo ankawagoneka m'makatoni m'galaja usiku uliwonse n'kuwatulutsa dzuwa litakwera, makina a kapinga atayamba kubuma. Mbandakucha anali ataugonjetsa kwa zaka. Palibe amene anaganiza kuti tsiku lina kudzacha kawiri, dziko lonse lili chete.

Zaka zisanu ndi zinayi Mayi Loretta ankadziona ngati wakuba yekhayo m'dera lonselo. Anaseka misozi ili m'masaya.

Bambo Gordon ankadziwa nyumba iliyonse ya ku Alder Run, mpanda ndi mpanda. Anapendeketsa mutu n'kumamvetsera, akutchula motsitsa mawu ngati akuwerenga mayina m'tchalitchi.

"Uyo ndi wa kwa a Delacroix. Wosasa mawuyo ndi wa kwa alembi a komiti." Anadikira kulira kwina. "Uyo ndi wa kwa achiwiri anga mu komiti. Amene anandipatsa nthenga ija."

Anayang'ana pepala lawo. Panali tsiku, ola ndi nambala ya nyumba basi. Mayi Loretta anadikira. Ankadziwa kuti munthu uyu sanalembepo bodza chibadwire, ndipo sakanayamba lero. Cholembera chinaima pamwamba pa pepala nthawi yaitali, kenaka anachitseka n'kuchibweza m'thumba.

"Sindinamalize kuyendera, mayi. Ndidzabweranso komiti ikakumana Lachinayi. Tsamba loletsa nkhuku lija ndiliika patebulo kuti tilivotere, ndipo ndikufuna ndione amene adzakweze dzanja kulitchinjiriza. Inunso mubwere."

Misoti inayi inali itatuluka kale m'kanyumba, ikudzikung'untha, ikuyang'ana uku ndi uku modabwa kuti usiku wafupika chonchi. Koma Opal inali isanadziwe kuti kwacha. Inali mtulo pansapato paja, nthenga zikukwera ndi kutsika.

Bambo Gordon anayang'ana wotchi yawo. Panali nyumba ina yoti akayendere hafu pasiti 3, ndipo chiyambire ntchito anali asanachedwepo. Mayi Loretta anawerama kuti ainyamule.

"Ayi, isiyeni," anatero mkuluyo monong'ona. "Imadzuka nthawi yanji?"

"Ikafuna yokha."

Bambo Gordon anagwedeza mutu. Mayi Loretta anakatenga ndowa ya a Harlan, naivundikira kumbuyo kwa mkuluyo, ndipo iye anakhalapo pang'onopang'ono, phazi lija osalisuntha.