Agogo a Pachipupa

Mchemwali wanga amalemba mabuku, ndipo onse amanena za makolo athu: uyu anabala uyu, uyo anabala uyo. Buku lake latsopano linali la agogo aamuna, amene tonsefe sitinawaone. Tinkangowadziwira pachithunzi cha pabalaza pa azakhali: bambo wa ndevu zopesa bwino, tayi ili pakhosi. Mchemwali analemba mutu wathunthu wonena za mphuno yawo, ati ndi imene tinatengera tonse.

Chinatsala n'chikuto cha bukulo. Tinabwereka chithunzicho n'kupita nacho kwa wosindikiza, yemwe ankafuna kuyamba ntchito tsiku lomwelo.

Atachiona, wosindikizayo anavula magalasi.

"Mayi, agogo angawa mwawatenga kuti?"

"Agogo anu? Awa ndi athu!" anatero mchemwali.

Bamboyo analoza kuchipupa, pamwamba pa makina. Ambuye tichitireni chifundo! Ndevu zomwezo, tayi yomweyo, felemu yomweyonso.

"Ndiye kuti ndife pachibale!" anakuwa mchemwali, akufunafuna kale cholembera.

Mayi wina amene ankadikira makhadi a ukwati anasuzumira. "Iii, awa alikonso kwathu. Amabwera ndi felemu kuchokera kusitolo."

Wosindikiza uja anangokhala pansi.

Tinathamangira kwa azakhali, n'kuwapeza akusita zovala za kwaya uku akung'ung'udza nyimbo.

"Azakhali, bambo awa ndi ndani?" anafunsa mchemwali.

"Kaya. Ndinagula felemu kuti ndiikemo bambo anga, koma iwo kujambulitsa ankakana, ati n'kutaya nthawi. Ndiye mlendoyu ndikanamutulutsa? Si timaphunzira kuti tizichereza alendo? Wakhala nafe bwinobwino, sanapemphepo ngakhale madzi akumwa."

"Nanga mphuno? Ndalemba masamba ambirimbiri za mphuno!"

"Mwana iwe," anatero azakhali akudzigwira kumaso, "mphuno ya bambo anga si iyi? Zaka zonsezi ukabwera kuno umandiyang'ana pati?"

Mchemwali anawayang'anitsitsa, misozi ikulengeza, kenako anatulutsa foni kuti awajambule.

"Dikira kaye! Ndi mpango wakukhitchiniwu? Anzanga akukwaya angandiseke."

Bukulo linatuluka ndi nkhope ya azakhali pachikuto, ndipo pamutu wa mphuno uja mchemwali anangofufuta ndevu basi. Mlendo uja anabwerera pamsomali pake. Azakhali amamupukutabe fumbi Loweruka lililonse, ati Lamulungu lisamupeze ali mbuu.