Mthunzi wa Mwendo wa Chiwala

Kachombo kena kopanda munthu mkati anakatcha Chiwala chifukwa cha kateredwe kake. Katayenda zaka zambiri mumlengalenga, kanafika pa nyenyezi ya mchira, koma sikanakhazikike pomwe anakakonzera. Kanadumpha, n'kudumphanso, n'kukagwa chammbali m'tsinde mwa thanthwe, momwe dzuwa silinkafika pa mbale zake za sola. Kuyambira pamenepo batire inangoyamba kutsika.

M'chipinda cha zithunzi, kuno padziko lapansi, munali matebulo ataliatali, makapu a tiyi wozizira, ndi fani yolira ngati ili ndi chifuwa. Kunja kunali masana, koma makatani anali otseka, poti kuwala kumanamiza maso a munthu woyang'ana pa kompyuta. Pakona pankakhala mayi wina wa magalasi yemwe onse ankamutcha Mayi Zithunzi. Zomwe Chiwala chinkajambula zinkafika kwa iye zidutswazidutswa, zakuda bii, zodzaza timadontho. Iye ankazilumikiza, kuchotsa timadonthoto, kenako kuwalitsa mdimawo pang'onopang'ono mpaka mwala uoneke kuti ndi mwala.

Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, chaka chomwe Chiwala chinanyamuka. Chikuuluka, iye anakumana pa masitepe ndi mnyamata woyang'anira moto wa kachomboko, amene anzake ankamuti a Batire. Chikuulukabe, anakwatirana. Mwana wawo wamkazi anabadwa, anakwawa, anayamba sukulu, chikuulukabe. Ndipo m'mawa uliwonse mwanayo, akumanga nsapato, ankafunsa funso lomwelo: “Amayi, munthu ataima pamenepo n'kuyang'ana kumwamba, angaone chiyani?”

Yankho linalipo, linkangodikira. Kamera imodzi ya Chiwala inaloza kunja, kosiyana ndi thanthwelo, ndipo inali isanajambulepo. Mayi Zithunzi ankachiona kale chithunzicho akatsinzina: nthunzi ikufuka m'miyala, ikukwera n'kusanduka mchira woyera, nyenyezi zili mbuu kuseri kwake. Koma zomwe zinafika mpaka tsikulo zinali ziwiri zokha, zofanana: khoma la mwala, ndi mwendo umodzi wa Chiwala uli m'mwamba ngati wa nkhuku yakufa.

Chitseko chinatseguka. Analowa mkulu wa gulu lonselo, bambo wadazi woyenda mothamanga, a Batire ali pambuyo.

“Mlamu,” anatero mkuluyo, poti a Batire ankawatenga ngati mng'ono wake, “mwamuna wanuyu akuti moto watsala wa chinthu chimodzi basi.”

“Kamodzi kokha,” anavomera a Batire. “Kutembenuza kapena kujambula. Zonse ziwiri ayi.”

“Ndiye nkhani ili ndi inu. Ngati mukudziwa mbali yomwe dzuwa likulowera m'phangamo, tichitembenuzira komweko, chigone, mwina chidzadzuke nyenyeziyi ikayandikira dzuwa. Ngati simukudziwa, sitichita zoyerekeza. Tijambula ndi kamera yakunja ija, tipeze kenakake, n'kutsanzikana nacho. Fulumirani, chombo chachikulu chomwe chimatipatsira mauthenga chatsala pang'ono kubisala kuseri.”

“Chikadzadzuka, kamerayo idzakhala ikuona?” anafunsa Mayi Zithunzi.

Mkuluyo anakanda dazi lake. “Ndi fumbi lakumeneko? Musandinamizitse, mlamu.” Anatuluka.

Vuto linali loti Mayi Zithunzi ankaidziwa mbaliyo. Anadziwa kuyambira m'mawa. Ataika zithunzi ziwiri zija china pamwamba pa chinzake, n'kuwalitsa pakona pomwe aliyense ankati ndi mdima chabe, anapeza kamthunzi ka mwendo wa Chiwala pa mwala. Pa chithunzi choyamba kanali katali, pa chachiwiri kanafupika n'kupendekera kumanja. Mthunzi suyenda wokha. Dzuwa linkasuzumira kumanzere, kudzera pampata wa thanthwe. Panalibe wina m'nyumba monsemo amene anakaona, ndipo akanati sakutsimikiza, palibe akanamutsutsa. Mawu amodzi okha, chithunzi cha zaka zonsezo chikanafika tiyi wina asanazizire.

A Batire sanatuluke. Anakhala pa ngodya ya tebulo n'kumuikira apulo pafupi ndi kompyuta.

“Amake mwana, mwadya?”

“Ndili pa ntchito, bambo.”

“Eya. Nanunso mukufuna mugone m'phanga ngati mnzanuyo?”

“Inu m'malo mondithandiza mwabwera kudzandilalatira? Kakhaleni ndi batire yanu yakufayo.”

“Siinafe, ikukomoka. N'zosiyana.” Anayang'ana zithunzizo, koma iwo mwala ndi mdima ankaziona chimodzimodzi. “Mwaonapo kanthu?”

“Sizikuoneka bwino,” anatero iye.

A Batire anamwetulira chamumtima. “Mmm. Kungoti magalasiwo mwawapukuta kale kawiri. Tsiku lija munandiuza kuti malaya anga aukwati akundikhala, munkawapukutanso choncho.”

Mayi Zithunzi anayang'ana m'manja mwake. Magalasi analidi momwemo, ali ndi nsonga ya bulauzi. Anawavala.

“Mwana ndinamulonjeza,” anatero.

“Ndikudziwa. Ndimakhalapo akamafunsa.” Anaimirira n'kukonza mpando womwe sanakhalepo. “Ine ndimangodziwa moto. Maso ndi anu. Chomwe munganene, ndikanikiza batani lomwelo.”

Atatuluka, iye anatsala ndi fani ija. Anayang'ananso mwendowo. Unali woonda, wopindika pang'ono pomwe unagunda mwala, fumbi lili mbuu pa phazi. Anakumbukira kuti anauonapo uli watsopano, kuseri kwa galasi, anthu ovala zoyera akuupukuta ngati khanda. Anasindikiza chithunzi chachiwiricho, n'kuchipinda, n'kuyenda pakhonde lalitali lopita kuchipinda cholamulira.

Anthu onse anatembenuka.

“Kumanzere,” anatero.

“Mwatsimikiza, mlamu?”

“Ndatsimikiza.”

A Batire anakanikiza. Uthenga unapita, ndipo poti ulendo wake ndi wautali, anthu anangoima, wina akudya zikhadabo, wina akuyang'ana kudenga. Kenako manambala anasintha: Chiwala chinatembenuka. Ena anaomba m'manja. Mzere wa batire unatsika mpaka pansi, chombo chachikulu chinalowa kuseri, ndipo kuchokera kumeneko sikunabwerenso kanthu.

Madzulo ake, atafika kunyumba, Mayi Zithunzi anapeza mwana atagona chafufumimba pansi pabalaza, akupaka utoto m'buku. Atangomva chitseko anadzambatuka.

“Amayi, mwabwera nacho?”

Mayi Zithunzi anatulutsa pepala lija m'chikwama n'kulitambasula patebulo. Mwanayo analiyang'ana, analitembenuza chadodolido, analibwezanso.

“Ndi mwendo basi?”

“Mwendo ndi mthunzi wake. Taona apa.”

“Iii, amayi! Zaka zonsezi mwendo?” Anayang'ana bambo ake, omwe ankavula nsapato pakhomo. “Nanga kumwamba kuja?”

“Sitinajambule. Chagona, chikudikira dzuwa.”

“Chidzadzuka?”

“Kaya, mwanawe.”

Mwanayo anaika chala pa kamthunziko n'kukatsatira mpaka pomwe kanathera.

“Ndiye dzuwalo lili pati? Sindikuliona.”

Mayi ake anagwira kachala kaja, anakadutsitsa pa mwala wonse, anakatulutsa m'mphepete mwa pepala, n'kukaika patebulo penipeni, kumanzere, pafupi ndi kapu.

“Lili apa,” anatero.