Mzere wa Malemu Gelesomu

Chaka chija dziko linayamba kusankha pulezidenti pakati pa anthu angapo, Nankhoma analota atatsegula chitseko cha kubafa n'kupeza bwalo la mpira. Sanadabwe. Anali ndi beseni la zochapa pamutu, ndipo mwana wake Mwandida anali akutentha thupi kuyambira Lolemba.

Pabwalopo ankasankha woti adzaimire chipani. Ofuna mpandowo anaima atafulatira anthu, monga mwa lamulo: aliyense akaime kumbuyo kwa amene wamufuna, ndipo woimayo asacheuke mpaka owerenga atamaliza. Woyamba anali jekete lopanda munthu m'kati. Wachiwiri anali wailesi yolonjeza milatho. Wachitatu anali Gelesomu, mwamuna wake, atavala suti yomwe anamuika nayo m'manda.

"Bambo a Mwandida, chitseko cha khola chinakukanikani. Dziko mulitha?"

"Andipempha ndi anthu, mayi," anayankha osacheuka.

Mzere wake unafika mpaka kudambo, anthu okhaokha amene Nankhoma anakaphika pa maliro awo. Kumapeto kwenikweni kunaima Mwandida, wopanda nsapato. Owerenga ankabwera akugunda mutu uliwonse ndi chala, ndipo wogundidwayo ankaleka kuphethira.

"Iwe, choka apo."

"Kuno kukuzizira bwino, amayi."

Anamukoka dzanja, koma mwana anali ngati wamera mizu.

"Mayi, munthu sachotsedwa pamzere," inatero wailesi. "Amasamuka yekha akaona wina woti aime kumbuyo kwake."

Nankhoma anatula beseni. Anapita kutsogolo, naima pambali pa jekete, nafulatira gulu lonselo.

"Wakutchulani ndani?" linafunsa jekete.

"Ndadzitchula ndekha. Fulumirani, ndili ndi zochapa."

"Wavomereza ndani?"

Gelesomu anakhosomola, chifuwa chake chomwe chija.

"Ndavomereza ine."

Khosi linkamuyabwa Nankhoma kufuna kucheuka. Ankamva mapazi a owerenga akuyandikira kumapeto kwa mzere uja. Kuitana sakanatha, nthawi yokopa anthu inali itatha. Anangomasula chitenje n'kuwerama, monga ankachitira kale pofuna kubereka mwana.

Anadzidzimuka ali pa benchi kuchipatala, dzuwa lili paliwombo, atawerama chomwecho. Kumsana kunali kolemera, konyowa ndi thukuta. Sanacheuke. Anadikira mpaka kamawu kanamveka kuseri kwa khutu lake:

"Amayi, ndikufuna madzi."