Chikope cha Msuweni

Chete anakokera pansi chikope cha msuweni wake ndi chala chachikulu, monga mmene anawaphunzitsira, ndipo mkati mwake munali motuwa ngati pepala. Anaona diso linalo. Chimodzimodzi. Atamuuza kuti ayang'ane pansi n'kutukula chikope cham'mwamba, poyera pa diso panali kachikasu kapatalipatali, koti munthu wongodutsa sangakaone.

"Wapezamo golide kodi?" anafunsa msuweniyo. "Fulumira iwe, diso langa lauma."

"Zili bwino," anatero Chete.

Ndi mmene onse ankayankhira. Pa sukulu yophunzitsa za maso imeneyi ophunzira ankayesezerana okhaokha, awiriawiri, ndipo panali chizolowezi choti mnzako sumupeza ndi matenda. Unkangokoka chikope, kuunika ndi katochi, n'kunena kuti zili bwino, kuti nayenso akuone msanga mupite kukadya. Matenda anali a anthu okhala pa benchi kuchipatala, osati a munthu wovala gawuni woyera.

Koma panali chinthu chimene Chete sanauzepo munthu. Iye ankamuyang'anitsitsa msuweni wakeyo tsiku ndi tsiku, ndipo sichinali chikondi. Msuweniyo anali mwana wa amalume ake. Anakulira nyumba zoyandikana, anakhoza mayeso chaka chimodzi, ndipo tsopano ankagona chipinda chimodzi kuhositelo. Komatu kunyumba msuweniyo anali atatchedwa kale Adokotala, pamene iye anali Chete basi, dzina limene anam'patsa ali wamng'ono chifukwa chosakonda kuyankhula. Ngakhale amayi ake omubereka akaimba foni ankayamba afunsa za Adokotala, ndipo za iye ankazikumbukira mayunitsi atatsala pang'ono kutha.

Choncho Chete ankadziwa mmene Adokotala amagwirira cholembera, mmene amapendekera mutu akamuyamikira, ngakhale mafuta amene amadzola. Ndipo ndi iye yekha amene anaona kuti masiku amenewa msuweniyo ankaima pakati pa masitepe n'kuwerama ngati akumanga nsapato, nsapatozo zili zomanga kale.

Madzulo a tsiku lomwelo kunali phunziro la magazi. Aphunzitsi ake anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene ankakonda kuwakumbutsa kuti diso silibwera lokha kuchipatala, limabwera ndi mwiniwake, ndipo shuga ndi kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri zimayamba kuonekera m'maso. Analemba pa bolodi zotsatira za wodwala wongopeka: magazi ochepa, maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi. Anafunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Mkono woyamba kukwera unali wa Adokotala, monga mwa nthawi zonse. Anafotokoza kuti maselo ofiira akusweka msanga kuposa mmene thupi likupangira ena, ndipo nthawi zina owaswa amakhala asilikali a m'thupi momwemo, amene asokonezeka n'kuyamba kumenya magazi a mwiniwake. Aphunzitsi anagwedeza mutu mokhutira. Chete anayang'ana m'khosi mwa msuweni wake, pamene mtsempha unkagunda mofulumira ngati wa munthu amene wathamanga.

Asanatuluke, aphunzitsi analengeza kuti madokotala a ku chipatala chachikulu akufuna wophunzira mmodzi woti akawathandize pa maopaleshoni a ng'ala nthawi ya tchuthi. Anasankha Adokotala. Ngati atalephera pa chifukwa china, adzapita Chete. Anthu anawomba m'manja, ndipo mnyamata wina kumbuyo anati Chete ayambe kusala kudya kuti msuweni wake agwidwe ndi chimfine. Kalasi yonse inaseka. Nayenso Chete anaseka.

Chimene chinamuchititsa manyazi n'chakuti, atamva dzina lake, maganizo ake anathamangira ku kachikasu kaja, ndipo mumtima munadutsa kachisangalalo. Wodwala sangamulole kuima m'chipinda cha opaleshoni. Akangonena zimene anaona m'maso muja, malo aja ndi ake. Ndiye anganene bwanji? Kalasi idzati ndi nsanje. Amalume adzati mwana wa mlongo wawo wamutchera mwana wawo msampha. Mwinanso n'zoona, mwina nsanje ndi imene inkamupakira chikasu m'maso mwa munthu wabwinobwino. Kumalo odyera anapempha mtsikana wina kuti amuone m'maso, nakoka chikope cha mtsikanayo. Mkati munali mofiira bwino, ngati mkati mwa mlomo. Chakudya chake Chete anangochitembenuzatembenuza mpaka chinazizira.

M'mawa mwake anadzuka n'kupeza Adokotala akusita gawuni watsopano amene amalume anatumiza pa basi masiku apitawo, wokhala ndi thumba la katochi pachifuwa. Ankasitira pafupi ndi windo, dzuwa likum'menya kumaso, ndipo pa kuwala kumeneko kachikasu kaja sikanafunenso katochi. Ankayimba chapansipansi, koma mpweya unkam'thera nyimbo isanafike kumapeto. Anamuuza Chete moseka kuti asadandaule, adzamujambulira zithunzi za m'chipinda cha opaleshoni kuti azionera pa foni.

Chete anakhala pa bedi, manja ali pakati pa mawondo.

"Msuweni, ukayezetse magazi."

Ayironi inaima pa kolala. Adokotala anatembenuka pang'onopang'ono n'kumukumbutsa kuti dzulo lomweli iye mwini ananena kuti zili bwino. Chete anayankha kuti ananena chifukwa aliyense amatero, koma chikope n'chotuwa ndipo maso ndi achikasu.

Adokotala anaseka kaseko kopanda mano. "Ndimadziwa kuti zikukuwawa, koma mpaka kundipangira matenda? Gawuniyu ndikubwereka ngati wakusowetsa tulo. Nsanje idzakupha, mwana wa azakhali."

Akanakhala masiku ena Chete akanangowerama n'kutuluka ndi thawulo lake. Koma anamva mawu ake akutuluka, aang'ono.

"Nsanje ndili nayo. Ndakhala nayo kuyambira tili ana, ndipo ukapanda kupita ndikondwa, sindikubisira. N'chifukwa chake ndimakuyang'ana kuposa wina aliyense pa sukulu pano. Funso lija unayankha ndiwe dzulo. Tandiuza, mkodzo wako ukuoneka bwanji?"

Panja wina ankakolopa m'khonde, ndowa ikulira pa simenti. Kenako Adokotala anapita pa kagalasi kamene anakapachika kuseri kwa chitseko, nakokera pansi chikope chake yekha. Anakhala choncho nthawi yaitali, mpaka diso linadzaza misozi, kaya chifukwa chouma kaya chifukwa china.

Ananena asanatembenuke kuti mkodzo unayamba kuda sabata yatha, ndipo ankaganiza kuti mwina sakumwa madzi okwanira. Anati bambo ake asamve kaye, chifukwa usiku womwewo anali atauza kale pa foni anthu onse a kuntchito kwawo za chipatala chachikulu.

Fungo la nsalu yopserera linawadzidzimutsa. Chete anadumpha n'kuchotsa ayironi, koma pa kolala panali patatsala kale chipsera chabulawuni. Adokotala anachiyang'ana, nazula pulagi, n'kuvala nsapato zake pang'onopang'ono.

"Undiperekeze ku labu," anatero. "Koma wondibaya singano asakhale iwe."