Taona

Ndinabaya mzati wa shedi yatsopano ya pamsika ndi nsonga ya sizasi, ndipo inalowa ngati mu sopo. Nditazula, panatuluka chiswe.

Tinalipo asanu, osankhidwa ndi anthu a m'dera lathu kuti tiziyendera ntchito za boma zisanaperekedwe. Ine ndine telala, msoko wokhota ndimauonera patali, ndipo kunena zoona diso limenelo ndinkadzitama nalo mpaka kutopetsa anthu.

Nditawaonetsa chiswecho, abwana a zachitukuko sanatsutse. Anandiyamikira, nati makomiti ena amangobwerera zoziziritsa kukhosi. Kenaka anatulutsa pepala, pamwamba pake pali liwu limodzi lalikulu: TAONA.

"Apa simukuvomereza kanthu, mayi," anatero. "Mungosaina kuti mwaona. Kapena simunaone?"

Kuona ndinaonadi, choncho ndinasaina, mokongoletsa ndithu. Madandaulo, anati, ali ndi pepala lakelake, koma tsikulo linatsala ku ofesi. Ndinalilondola katatu. Ulendo woyamba kalaliki anati mapepala atha, wachiwiri makiyi anali ndi munthu wina, wachitatu ndinakhala pabenchi mpaka matako kuuma. Wachinayi sindinapite, mayunifolomu a ana asukulu anali atandiunjikira.

Mkulu wanga, amene anandilera mayi atamwalira, anapatsidwa malo ogulitsira tomato patsinde pa mzati womwewo. Zaka khumi ndi ziwiri akupsa ndi dzuwa, tsiku limenelo anavina. Za chiswe sindinamuuze. Ndinadziuza kuti nkhaniyo akuluakulu akuidziwa.

Denga linagwa ndi mvula yoyamba, masanasana. Ogulitsa ena anathawa. Mkulu wanga anabwerera beseni lake, mtanda n'kumuthyola msana.

Pamsonkhano umene unaitanidwa pambuyo pake ndinaimirira mwaukali, n'kufotokoza za chiswe. Abwana aja anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenaka anakweza pepala lija kuti aliyense alione, nanena modekha kuti boma silipereka ntchito anthu eniake asanaione, ndipo komiti yomwe anthu anadzisankhira okha inayendera, inaona, inasaina. Anawerenga maina onse asanu, langa poyamba. Holo yonse inatembenukira kwa ine. Abwanawo ali pantchito mpaka lero, komiti ndiyo inathetsedwa, ndipo palibe amene akufunanso kusankhidwa. Sindiwadzudzula.

Kuchipatala ndinapeza mkulu wanga atagona chagada, maso kudenga. Ndinamupukuta kumaso, ndinamumwetsa madzi, ndikudikira kuti andilalatire. Ndinkafuna andilalatire.

"Akuti iwe unaona," anatero. "N'zoona?"

"Ndinaona, achemwali."

Namwino anadutsa ndi ngolo yake ya mankhwala.

"Ndiye poti maso uli nawo," anatero osandiyang'ana, "tandionereko miyendoyo ngati ili yofunda. Ine sindikuimva."

Bulangete linali litagwera pansi kalekale.