Chitsekerero Chofiira

Paison anamaliza maphunziro a uphunzitsi, koma zaka zinangodutsa osaitanidwa kusukulu iliyonse. Ankalima kamunda ka mtedza ku Chiparamba, mkazi wake Thandiwe n'kumagulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Atamva kuti shedi ina yogula soya ku Chipata ikufuna anthu onyamula matumba, analawirira pa njinga. Pakaliyala anakweza Andireya, mlongo wake wa Thandiwe, yemwenso anali pa ulova.

Pageti anapeza chinamtindi cha anthu: anyamata ongomaliza kumene sukulu, abambo aimvi, ena atamanga mataye ngati opita ku ofesi. Anaima padzuwa mpaka thukuta linasiya mchere m'malaya. Kenaka kapitawo anakwera pampanda, kachitini kali m'manja.

"Mwachuluka, ine sindingasankhe!" anakuwa kapitawoyo. "Muno muli zitsekerero za mabotolo zopaka penti yofiira. Wotola chimodzi ndiye alowe."

Anaziwaza m'mwamba ngati akudyetsa nkhuku.

Anthu anagwerana. Bambo wina anagwa chagada, nsapato zikumuponda pachifuwa, kukuwa kwake osamveka. Alonda anayamba kukwapula ndi zikoti aliyense woyandikira geti. Paison anagwada m'fumbi, mawondo a anthu akumugunda m'nthiti, ndipo anaona chitsekerero pafupi ndi ngalande. Anachivundikira ndi dzanja. Nthawi yomweyo munthu wina anamugwera kumsana, mkono n'kumukulunga pakhosi, dzanja lina likumukanula zala. Mpweya unamuthera, m'maso munada bii. Dzanja lake lamanzere linafufuza pansi n'kupeza chibanthu cha njerwa. Anamenya cham'mbuyo osayang'ana. Anamenyanso, ndi mphamvu zonse za zaka zomwe anakhala pakhomo, mpaka mkono uja unalefuka.

Atatembenuka anaona Andireya atagwira kumaso, magazi akutuluka pakati pa zala.

"Alamu," anatero Andireya, "sindinadziwe kuti ndinu."

"Wachitsekerero alowe msanga, tikutseka!" anakuwa mlonda.

Paison anaimirira, chitsekerero chili m'manja. Amayi awiri ogulitsa zitumbuwa anali atayamba kale kumukokera Andireya pamthunzi, mmodzi akung'amba chitenje chake kuti amumange. Geti linayamba kutsekeka. Paison analowa.

Tsiku lonse anasenza matumba a soya kukweza m'malole, magazi a mlamu wake atauma m'zikhadabo. Anzake ankaseka, kusimbirana momwe anapulumukira panja paja. Pa nkhomaliro Paison anasanza kuseri kwa shedi.

Ataweruka anathamangira kuchipatala. Thandiwe anali atafika kale, atakhala pakhonde la wodi, maso ali psuu.

"Diso lamanja laphulika," anatero Thandiwe. "Adokotala akuti silidzaonanso. Andireya akuti anamumenya ndi munthu wosamudziwa. Inu munali kuti, bambo a Rozi?"

Paison anamulambalala. Analowa mu wodi. Andireya anali gone, mutu wonse uli m'mabandeji, diso lotsalalo likumuyang'ana.

"Akulembani?" anafunsa Andireya motsitsa.

"Mpaka soya atatha."

"Ndiye musakachedwe mawa. Ana anga ndi anu adyere pomwepo." Anapuma movutika. "Mlongo wanga musamuuze. Akadziwa, ukwati watha, ndipo tonse tigona ndi njala."

Paison anasenza matumba mpaka soya anatha, ndipo ufa wolowa m'nyumba mwake unkagawidwa pawiri. Andireya anatuluka m'chipatala n'kubwerera kumudzi, koma kuwala kwa dzuwa kunkamupweteka mutu, moti khasu analisiya. Thandiwe ankatemberera munthu wosadziwika uja tsiku ndi tsiku, pophika ndi popemphera pomwe, mwamuna wake ali pambali pake.

Mvula itayandikira, shedi inatsekedwa, onyamula matumba onse n'kuuzidwa kuti adzayesenso chaka chamawa.